Zaka 42, K14 miliyoni ndi puloti ku Senga Bay: kodi zingatheke kuphunzira kuyendetsa ndege?

Funso lachokera kwa bambo ena a ku Kamuzu Road, ku Salima. Akuti ali ndi zaka 42, amaphunzitsa fiziki ndi masamu ku sekondale, ali pabanja ndipo ana alipo atatu. Kuyambira ali mnyamata mtima wawo uli pa ndege basi. Asunga K14 miliyoni, ali ndi Sienta imene imanyamula anthu Salima Lilongwe, komanso puloti cha ku Senga Bay. Akufunsa kuti akagulitsa galimoto ndi puloti ija, angapite kukaphunzira upayiloti n'kusintha ntchito, kapena nthawi inawathera kale?

Achimwene, ndakumvani, ndipo sindikuyankhani mongokusangalatsani ayi chifukwa nkhani iyi ikukhudza nsima ya ana atatu. Ine kwathu ndi ku Nkhotakota, ndege yoyamba kuiona pafupi ndinali wamkulu kale, kenako ndinadzaphunzira kuiyendetsa, ndiye chimene chimakupangitsani kusiya choko n'kusuzumira pa windo ndege ikamadutsa ndimachidziwa bwinobwino. Koma yankho langa ndi ili, puloti musagulitse, galimoto musagulitse, ntchito musasiye, mpaka mutadutsa kaye zinthu zitatu zotchipa zimene ndikuuzeni pano. Zaka zanu si vuto lalikulu monga mukuganizira. Vuto ndi ndalama, makamaka kuthera ndalama pakati pa njira.

Choyamba cha zonse ndi thupi lanu. Munthu sangagwire ntchito yoyendetsa ndege popanda chiphaso cha chipatala chimene timati Class 1 medical, ndipo sichilembedwa ndi dokotala wina aliyense, pali madokotala amene anavomerezedwa ndi a Civil Aviation, oyang'anira za ndege m'dziko muno. Funsani ku ofesi yawo ku Lilongwe akuuzani amene ali ndi chilolezo. Kumeneko akakuyezani mtima pa ECG, BP, shuga, mkodzo, makutu pa makina aja amalira timaphokoso tating'ono m'makutu, ndi maso. Magalasi si vuto bola muziona bwino mutawavala. BP yokwera pang'ono imene ikumvera mankhwala nthawi zambiri imadutsa. Koma shuga wobayira jakisoni, khunyu, vuto la mtima, izi nthawi zambiri zimatseka chitseko. Ndiye pali kabuku kena ka madontho amitundumitundu, Ishihara, dokotala amatsegula tsamba n'kukufunsani kuti mukuona nambala yanji. Ine ndinali pamzere ndi mnyamata wina amene makolo ake anali atalipira kale fizi, anayang'ana tsamba lija nthawi yaitali, nambala osaiona, pomwe ife tonse timaiona ili poyera. Sankasiyanitsa bwino chofiira ndi chobiriwira ndipo moyo wake wonse samadziwa. Anatuluka m'chipindamo ali chete, atagwira pepala lake m'manja, ndimamuonabe mpaka lero. Komanso ngati munagwirapo ntchito pa chigayo kapena pa injini za maboti zaka zambiri, makutu amatha kukhala atafooka inu osadziwa. Kuyezetsa kumeneku ndalama yake ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi zonse zotsatira, ndiye yambani pamenepo, ndipo nenani kuti mukufuna Class 1 osati Class 2, chifukwa Class 2 ndi ya munthu wongouluka mwa kufuna kwake, osati pa ntchito. Dziwaninso kuti chiphasochi sichamuyaya, chimaonedwanso chaka ndi chaka, ndipo mukapitirira zaka 40 n'kumanyamula anthu muli payiloti mmodzi m'ndege ndiye miyezi 6 iliyonse. Tsiku limene dokotala adzakane kusaina, ntchito yaima pomwepo.

Chachiwiri, kwerani kandege kakang'ono ola limodzi, mukhale kumpando wakutsogolo, mugwire chiwongolero. Masukulu ambiri ali ndi ulendo woyeserera wotere. Ndege yaikulu ya ku Johannesburg ndi kandege ka Cessna 172 ndi zinthu ziwiri zosiyana, mkati mwa kandegeko ndi mothina ngati Sienta yanu yomweyo, phokoso, kutentha, fungo la mafuta, ndipo masana dzuwa likaswa mtengo imadumphadumpha ngati boti pa mwera. Ena amasanza ulendo woyamba kenako n'kuzolowera, ena amatsika n'kunena kuti ayi izi si zanga, ndipo bola kudziwa zimenezo mutalipira ola limodzi.

Chachitatu ndi mabuku, ndipo apa mpamene inu muli ndi mwayi kuposa anyamata ambiri. Mayeso a upayiloti ndi malamulo a mumlengalenga, zanyengo, kupeza njira, kuwerengera mafuta ndi kulemera kwa ndege, injini, mamita a m'ndege, wailesi, ndi mmene thupi la munthu limachitira m'mwamba. Ku South Africa pokhoza ndi 75 peresenti pa phunziro lililonse, ukapeza 74 walakwa. Munthu wophunzitsa ma vector ndi Bernoulli ku Fomu 4 sangavutike ndi masamu a mphepo yowomba m'mbali. Mabuku a FAA, bungwe loyang'anira za ndege ku America, monga Pilot's Handbook of Aeronautical Knowledge ali pa intaneti aulere, mungoika bando n'kuwatsitsa. Malamulo ake ndi a ku America koma mmene ndege imaulukira ndi chimodzimodzi kulikonse. Werengani miyezi 6 usiku uliwonse mukamaliza kuchonga, ngati mtima ukadali pompo ndiye kuti nkhaniyi ndi yeniyeni. Chizungu chimayesedwanso, ICAO, bungwe loona za ndege pa dziko lonse, imafuna Level 4 kupita m'mwamba, koma kwa mphunzitsi ngati inu chovuta chidzakhala liwiro la pa wailesi chabe, limazolowereka. Ndiponso inu a kunyanja zanyengo munaziyamba kale osadziwa, mwera ukamayamba mu Meyi mpaka Ogasiti, utsi wa moto wa tchire ukaphimba mapiri mu Seputembala ndi Okutobala, mitambo ija imaunjikana masana mu Disembala, zonsezo ndi mafunso a mayeso ndipo ndi zimene payiloti wa kuno amalimbana nazo tsiku ndi tsiku.

Tsopano tifike pa ndalama, pamene pagona nkhani.

Malaisensi alipo atatu otsatizana. Yoyamba ndi PPL, laisensi youluka mwa kufuna kwanu osati pa ntchito, malamulo a ICAO amati maola osachepera 40, ku South Africa ndi 45, koma kunena zoona ambiri amafika cha m'ma 60 asanayesedwe, ndipo ife akuluakulu manja amachedwerapo kugwira kusiyana ndi mwana wa zaka 19. Chimene anthu ambiri samachidziwa n'chakuti PPL sikulolani kulandira malipiro. Mutha kunyamula alamu anga ndi ana kupita nawo ku Likoma, koma simungalembedwe ntchito, simungalipiritse munthu. Yodyera ndi CPL, laisensi yogwirira ntchito ya upayiloti, imene imafuna maola 200, ndipo payokha sikwanira, pamafunika kuonjezera chilolezo chouluka usiku, instrument rating youlukira m'mitambo mukungodalira mamita, ndi multi-engine ya ndege za injini ziwiri. Yachitatu ndi ATPL ya ukaputeni wa ndege zikuluzikulu, maola 1,500.

Chimene chimadula ndi ola lililonse limene injini ikulira. Cessna 172 imamwa malita oposa 30 pa ola, mafuta ake ndi avgas, aja obiriwira ngati thambo amene m'mawa uliwonse timathira pang'ono m'kabotolo kuchokera pansi pa phiko n'kuyang'ana padzuwa ngati mulibe madzi. Onjezani mphunzitsi, inshuwalansi, amakaniko, ndalama yoterera pabwalo. Ndiye chulukitsani ka 200. Ine munthu akandifunsa ndimati kuchoka pa ziro kufika CPL yokhala ndi instrument ndi multi, kuphatikizapo nyumba, chakudya, chitupa chophunzirira m'dziko la eni ndi mayeso obwereza, asawerengere pansi pa madola 50,000, ndipo kufika 80,000 si zachilendo. Pa mtengo wa kubanki wa cha m'ma K1,750 pa dola ndiye kuti K87 miliyoni mpaka K140 miliyoni. K14 miliyoni yanu ndi madola 8,000, ndiye kuti PPL yokha, mwinanso osamaliza mukachotsa thiransipoti ndi lendi. Ndipo uko n'kuwerengera ngati banki ikupatsani madolawo pa nthawi yake, inu mukudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira, fomu imatha kukhala milungu ndi milungu pomwe sukulu ikudikira. Kumbukiraninso Novembala 2023, kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, itagwa kale ndi 25 peresenti mu Meyi 2022. Amene anali pakati pa maphunziro kunja nthawi imeneyo anadzuka m'mawa n'kupeza kuti ndalama ya maola 100 yasanduka ya maola cha m'ma 70, iwo osalakwa chilichonse.

Tiyerekeze kuti mwagulitsa puloti ndi Sienta, zonse pamodzi ndi zosunga zija zafika mwina K50 miliyoni. Mudzafika cha pa maola 100 kapena 120 ndalama n'kutha. Apa mpamene ndimaopa kwambiri, chifukwa munthu wa maola 120 pa msika wa ntchito ali chimodzimodzi ndi amene sanakwerepo ndege. Palibe amene angamulembe, sangabweze maola aja kuti amupatse ndalama, ndipo luso limathawa msanga, mukakhala miyezi 6 osauluka mumalipiranso maola obwereza zimene munadziwa kale. Mayeso olemba nawonso ali ndi nthawi yake, mukachedwa kumaliza amafa n'kulembanso. Mudzabwerera ku Salima mulibe puloti, mulibe galimoto, ntchito ya boma munasiya. Ndawaona anthu otere ndi maso anga, anthu anzeru, olimbikira, ndipo zimandipweteka chifukwa palibe anawakhazika pansi n'kuwawerengera asanayambe. Ndiye lamulo langa kwa inu ndi lakuti musayambe CPL ngati simukuona ndi maso kumene kuchokere ndalama yofika pa ola la 200, n'kutsalanso ina yodyetsa banja chaka chathunthu mukufunafuna ntchito. Katapila ndiye musayandikire n'komwe, ngakhale loni ya kubanki, chiwongoladzanja cha kuno chimathamanga kuposa malipiro a payiloti woyamba kumene.

Za zaka tiwerenge limodzi. Malamulo a ICAO amalola payiloti wa ndege zonyamula anthu pakati pa mayiko kugwira ntchito mpaka zaka 65 ngati m'ndegemo muli apayiloti awiri, ndipo 60 ngati ali yekha. Mutayamba muli ndi 44, CPL mungamalize muli ndi 46 zinthu zitayenda bwino. Ntchito yoyamba siikhala ya Boeing ayi. Ambiri amayamba ndi kuphunzitsa anzawo kapena kunyamula alendo pa tindege ta Cessna 206 ndi Caravan, kuno makampani ang'onoang'ono amene amapita ku Likoma ndi kumalo osungira nyama, kunja ndiye ku Maun ku Botswana, ku Zambia, ku Tanzania, malipiro ake ochepa, ndipo mayiko amenewo amayamba aona nzika zawo asanapereke chilolezo cha ntchito kwa mlendo. Kufika maola 1,500 pangatenge zaka zitatu kapena zinayi, ndiye muli ndi 50. Zatsala zaka 15, si zochepa, munthu atha kubweza ndalama yake. Koma msika wa kwathu ndi waung'ono. Air Malawi inatha mu 2013, m'malo mwake munabwera Malawi Airlines imene boma lili ndi 51 peresenti ndipo Ethiopian Airlines 49, ndege zake ndi zowerengeka, za mtundu wa Boeing 737 ndi Q400, ndiye mipata imatuluka apo ndi apo. Ndege iliyonse yotere imafunanso chilolezo chakechake, type rating, ndalama inanso yambiri ngati kampani sikukulipirirani. Maphunziro olipiriridwa ndi kampani, ngati aja a ku sukulu ya Ethiopian ku Addis Ababa, amayang'ana achinyamata. Usilikali chimodzimodzi, sukulu ya asilikali ya MAFCO muli nayo pakhomo pompo ku Salima koma mukudziwa nokha kuti amatenga a zaka za m'ma 20.

Ngati ndalama itapezeka, mwina pali m'bale kunja amene walonjeza ndipo mwaona kuti ndi zenizeni, Amalawi ambiri amapita ku South Africa chifukwa nyengo ndi yabwino, masukulu ndi ambiri pa mabwalo ngati Wonderboom ku Pretoria, Grand Central, Rand ndi Lanseria, komanso basi imafika. Ena amapita ku Wilson Airport ku Nairobi kapena ku Soroti ku Uganda. Kulikonse kumene mungasankhe, funsani kaye a Civil Aviation kuno kuti laisensi ya dziko limenelo amaisintha bwanji kukhala ya Malawi. Ndipo chonde, musalipire fizi yonse pakamodzi ngakhale atakuchotserani mtengo chotani. Ine zinandionekera. Sukulu imene ndinayambira inatiuza kuti tikalipiriratu maola 50 atichotsera, ndinalipira, patapita miyezi iwiri ndege imodzi inawonongeka injini, ina inagwidwa ndi amene ankawakongoza mafuta, tsiku lina tinafika m'mawa n'kupeza loko pa geti. Maola 31 amene ndinali nditalipira anapita, ndalama imene mayi anga anagulitsira ng'ombe. Lipirani maola 10 okha, mukamaliza muonjezere ena 10. Musanalembetse pitani nokha mukaone, werengani ndege zimene zikuuluka osati zimene zili pa chithunzi cha pa Facebook, chezani ndi ophunzira mabwana kulibe, afunseni kuti pa mlungu amauluka kangati. Pansi pa kawiri pa mlungu ndiye kuti mukutaya ndalama. Logbook yanu, kabuku kolembamo maola amene mwauluka, muzisunga nokha, ola lililonse lisainidwe tsiku lomwelo, chifukwa ine chimene chinandipulumutsa n'chakuti kabuku kanga kanali m'chikwama, sukulu ina inavomera maola amene ndinali nditauluka kale.

Pali chinthu china chimene ndikuona mwa inu chimene mwina simunachiganizire, uphunzitsi wanuwo. M'masukulu a ndege anthu odziwa kuuluka ndi ambiri koma odziwa kufotokoza ndi ochepa. Mnyamata wa zaka 22 amene akuphunzitsa kuti angokwanitsa maola athawire ku kampani yaikulu sangafanane ndi munthu amene waima kutsogolo kwa kalasi zaka 18. Ngati mutadzafika pa CPL, njira ya instructor, mphunzitsi wa kuuluka, ndi imene ingakuyanjeni, ndipo imeneyo ilibe mpikisano wa zaka ngati wa makampani akuluakulu.

Koma ndi K14 miliyoni imene ilipo lero, ine ndikanakhala inu ndikanayang'ana zitseko zapafupi. Madroni ndi ndege ndithu, malamulo a mumlengalenga ndi omwewo, zanyengo zomwezo, ndipo Malawi pa nkhani iyi sali m'mbuyo. Mu 2017 boma ndi UNICEF anatsegula malo oyesera madroni ku Kasungu, ndipo mu 2020 kunatsegulidwa African Drone and Data Academy ku Lilongwe. Chiphaso choyendetsa droni chimatenga milungu osati zaka, droni yabwino yojambulira mapu ndalama yanu ikwanira n'kutsalako, ndipo ntchito ili pakhomo panu pomwe, minda ya mpunga ku Lifuwu, minda ya nzimbe, malo ogona alendo ku Senga Bay, kuyeza mapuloti, kuona kumene madzi osefukira afika mitsinje ikadzaza. Mutha kuyamba Loweruka ndi pa holide choko musanasiye. Palinso ntchito ya flight dispatcher, munthu wa pansi amene amakonza ulendo wonse, njira, mafuta, kulemera, nyengo, n'kusainirana ndi kaputeni. Maphunziro ake ndi a miyezi, mabuku ake ndi pafupifupi omwe aja a payiloti, safuna Class 1, ndipo amakulowetsani m'bwalo la ndege ku Lumbadzi kapena ku Chileka kumene mumamva za mipata isanatuluke mu nyuzi. Anthu ena analowera khomo limeneli n'kumaonjezera maola pang'onopang'ono ali pa malipiro.

Ndiye pali funso limene muyenera kudziyankha nokha usiku anthu atagona, kodi chimene mukufuna ndi ntchito ya upayiloti, kapena mukufuna kuuluka? Ngati ndi kuuluka, PPL payokha si chinthu chochepa ayi. Ine tsiku limene mphunzitsi wanga anatsika pa ndege injini ikulira, n'kutseka chitseko, n'kundiuza kuti zungulira kamodzi wekha, ndinayang'ana mpando wa kumanja uli wopanda munthu, lamba wake atamangidwa pa mpando, ndege inanyamuka msanga kuposa masiku onse chifukwa inapepuka, ndipo ndinapemphera mokweza m'Chichewa mpaka kutera. Chimenecho mutha kuchipeza ndi PPL, mutasunga zaka ziwiri kapena zitatu zina kuchokera ku Sienta, n'kutenga tchuthi cha miyezi itatu kukamaliza pakamodzi, puloti ili pomwepo. Kungoti mudziwiretu kuti ndi ndalama yolowa yosabwerera, ndipo laisensiyo imafuna kuulukako chaka ndi chaka kuti ikhale yamoyo.

M'kalata yanu simunatchule zimene alamu anga akunena pa nkhaniyi, ndipo ndikukayika ngati mwawauza zonse. Puloti ija ndi yawonso, ndi ya ana. Akhazikeni pansi muwaonetse manambala awa mmene alili, madola 8,000 amene alipo ndi 50,000 amene akufunika, muwauzenso kuti zitatheka ndiye kuti zaka ziwiri adzakhala okha ndi ana, fizi ili pa iwo. Mwezi uno pitani ku Lilongwe mukayezetse Class 1, tsitsani buku lija muyambe mutu wa zanyengo, ndipo zotsatira za kuchipatala zikatuluka mundilemberenso, mundiuze ndi mtengo weniweni umene anthu akutchula pa puloti ija, tidzawerengere limodzi kuti PPL ingatheke chaka chiti.